Kasitima ka Malemu pa Njanji ya Ankolo

Ndaziona analota masana dzuwa lili pamutu, anangoti atsamire pang'ono pa simenti poti mabedi anali atamasulidwa kale. Ndiye m'malotomo linali tsiku lomwelo losamuka, kuchoka m'nyumba ya Relewe ku Limbe kupita kwa a Chingwalu, amene akukwatira mayi ake. Iye amawatchula ankolo. Amayi ake anayesapo kumuuza kuti aziti bambo, iye anangoti pakamwa pake sipanazolowere kkkk.

Pabalaza panali patadutsa njanji. Osati ya sitima zenizeni ayi, ya zidole ija ankolo anamugulira m'tauni kuti aziwakonda, yonyezimira ngati masipuni atsopano, m'lifupi mwake zala ziwiri basi. Inachokera kuchipinda kwa amayi, kudutsa pakati pa nyumba, kutuluka pakhomo mpaka uko maso safika. Ndipo katundu yense amayenda pamenepo. Filiji inadutsa ili chiimire ikulira. Kenako tebulo. Kenako mbaula ili ndi moto wake. Palibe chinachepa, palibenso chinagwa, ndipo Ndaziona sanadabwe olo pang'ono, anangosuntha phazi kuti mtondo udutse.

Chitseko chakumaso chinakhosomola kaye ngati munthu wofuna kulengeza kutchalitchi.

"Chosayenda pa njanjiyi chitsala," chinatero. "Ndipo chotsala chiiwalika."

Simbi yakale ya makala inayesa kukwera, inatsetsereka, inayesanso, inagwa chagada. Ndaziona atacheukanso anangoona malo oyera pa simenti, ndipo sanadziwe kuti amafuna kuyang'ana chiyani pamenepo. 

Amayi ake anadutsa atakhala pa sofa, keke ya ukwati ili pamiyendo.

"Ndazi, tenga chako ubwere. Usachedwetse anthu."

Basi anapita. Ndipo kumbuyo uko, kuchipinda kwawo, njanji inali itayamba kudzipinda yokha ngati mkeka, pang'onopang'ono, kwe kwe kwe, ikubwera.

Chake chinali chimodzi. Pa shelefu ya pamwamba panali kasitima ka malemu adadi ake, a Sandalamu, amene ankayendetsa sitima ya katundu mpaka anamwalira zaka zitatu zapitazo. Kachitsulo kenikeni, kolemera ngati mwala wonolera, penti wobiriwira atasupuka, kiyi wopotokola ali m'nthiti. Adadi anakalandira kwa bambo awo, iwonso anakalandira kwa mzungu wina wa njanji kalekale, moti kasitimako ndi kakakulu kuposa amayi kkkk. Ndaziona anakatsitsa, kupukuta fumbi ndi siketi ya sukulu, kukaika pa njanji, kupotokola kiyi.

Kanayenda. Koma kayendedwe kake abale. Gu gu gu gu, kakudumpha ngati minibasi pa msewu wa fumbi, kenako phwa, chammbali.

Sitima yatsopano ya pulasitiki yoyera, imene inabwera m'bokosi limodzi ndi njanjiyo, inadutsa pafupi ili sii, osamveka n'komwe, nyali zikuthwanima.

"Pepani agogo," inatero mwaulemu kwambiri. "Mwina mukanapumula."

Ndaziona anafuna aiponde. Koma pamene amadzutsa kasitimako anaona kuti m'kachipinda ka dalaivala muli munthu. Anali adadi, kutalika kwawo ngati chala chachikulu, atavala ovolosi yawo ya buluu ija, akudya nzimbe yaying'ono ngati kamtengo ka machesi. Analavula makoko pawindo mwa dongosolo.

"Mwaswera bwanji, mayi," anatero, poti ndi mmene ankamuitanira.

"Ndaswera bwino, kaya inu adadi."

"Ife tili bwino. Koma njanjiyi anayala ndani?"

"Ankolo."

"Ndi yokongola," anatero adadi. "Tagwadani muone."

Anagwada, tsaya pa simenti. Adadi analoza ndi nzimbe.

"Gudumu lililonse la sitima lili ndi mlomo m'kati, umene umagwira njanji kuti lisaterereke. Athu akalewa milomo yake ndi yaitali, chifukwa njanji zathu zinali zazitali. Iyi ndi yaifupi. Mlomo ukufika pansi, ukumenya timitanda topingasati timene tagwira zitsulo ziwirizi. Gu aliyense mukumumvayo ndi kamtanda kamodzi."

Ndipo zoona, timitanda tapulasitiki takuda tinali ndanda, ndipo tonse tinali titagwira kumutu.

Kwe kwe kwe. Njanji yodzipinda ija inali itatuluka kuchipinda kwa amayi, ndipo pamene panali chipindacho panatsala poyera, mbuzi ya eni ikudya udzu.

Ndaziona anati aaa, nanga ndikuvutikiranji. Ananyamula kasitima, kukaponya m'chikwama cha sukulu, liwiro. Anathamanga, kudutsa msika wa Limbe, kudutsa amayi ogulitsa nthochi amene onse anali ndi nkhope ya aphunzitsi ake a masamu, mpaka mpweya unatha. Atatsegula chikwama anapezamo kabichi kkkkk. Atadzutsa mutu anali pabalaza pomwe paja, kasitima kali pa njanji, adadi akusenda nzimbe ina.

"Sitima sanyamula, mayi. Ndi imene imanyamula."

"Ndiye nditani adadi?"

"Potokolani. Tiyenda momwemo."

Koma Ndaziona ndi Ndaziona, samva kamodzi. Anaganiza kuti chinthu chikamakakamira umachipaka mafuta. Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola m'thumba, kupaka njanji yonse ndi chala, bwinobwino ngati akudzoza miyendo ya khanda. Atapotokola kiyi magudumu anazungulira fwiiii pamalo amodzi, kasitima osasuntha olo kambewu, adadi akugwedezeka m'katimo mpaka chipewa chinagwa.

Anachitola, kuchikuntha, kuchivala.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili pa njanji," anatero modekha, "sindinaonepo munthu akuidzoza. Ife tikaterereka timathira mchenga."

"Pepani adadi."

"Tsegulani bafa."

Atatsegula chitseko cha bafa munali mtsinje wa Shire, wonse, ukudutsa phee kuchokera ku sinki kupita ku windo. Mvuu ina inali itanyamula sopo pamutu. Ndaziona anati zikomo, anatapa mchenga m'manja awiri, kutseka chitseko ndi phazi, n'kuwaza pa njanji. Kasitima kanagwira. Gu gu gu gu, kudutsa pabalaza, kutsika pakhonde, ndipo atangotuluka iwo chitseko chakumaso chinati muyende bwino n'kudzipindira mumkeka muja limodzi ndi nyumba yonse.

Ndiye ulendo wake unali wotopetsa zedi. Ndaziona akuyenda chowerama pambali, msana ukuwawa. Timitanda khumi, kasitima phwa. Kudzutsa, kuika, kupotokola. Timitanda khumi, phwa. Njanji inadutsa m'kalasi mwawo anzake akulemba mayeso, inadutsa pansi pa benchi ya kwaya, inakwera mtengo wa mango n'kutsikira mbali inayo. Ndipo nthawi iliyonse kasitima kakagwa, kena kake kamachoka m'mutu mwa Ndaziona. Koyamba anaiwala nyimbo imene adadi ankaimba pometa ndevu. Kenako anaiwala kuti tiyi ankamwa wa shuga angati. Anadziwa kuti waiwala, chifukwa pamalopo pamatsala pozizira ngati pochoka dzino.

Kiyi nayenso anayamba kufewa. Poyamba amalimba ukapotokola kakhumi, tsopano kanayi basi.

"Sipuling'i yatopa," anatero adadi. "Kugwa kulikonse kukuidya."

Kwe kwe kwe kumbuyo, mtunda wake ngati kuchokera pa golo kufika pa mzere wa penate.

Pamenepo anatulukira ankolo. A Chingwalu, aatali aja, atavala suti ya ukwati ndi duwa pachifuwa, koma kumapazi ali ndi masilipasi a kubafa kkkk. Amayenda chobwerera m'mbali mwa njanji, thukuta lili kamukamu, m'manja atagwira katupa kopalira zitsulo.

"Ndaziona, kunyumba katundu yense wafika. Watsala iwe."

"Ndikubwera ankolo."

Anayang'ana kasitima, anayang'ana magudumu. Kamunthu ka m'katimo sanakaone, kapena anakaona koma anachita manyazi, Ndaziona sanadziwe.

"Wogulitsa uja anandiuza kuti sitima iliyonse iyenda," anatero. "Ndikanadziwa ndikanafunsa bwino. Koma ndabweretsa aka. Tikangopala milomoyi pang'ono, isiya kumenya. Mphindi zisanu."

Katupako kananyambita milomo yake. Kanali ndi njala.

Ndaziona anakalandira. Kumbuyo mtengo wa mango uja unali utangopindidwa kumene ndi mbalame zake zomwe. Anatembenuza kasitima chagada, adadi anagwira chitsulo cha padenga n'kulendewera ngati mleme, osadandaula.

"Adadi, ndipale?"

"Mukapala ndiyenda mwakachetechete ngati mnzathu woyera uja," anatero. "Koma milomo imeneyi ndi imene imandigwira pokhota. Pa kona yoyamba njanji ikhota, ine ndipitirira molunjika. Kumene ndikapiteko kulibe siteshoni."

"Nanga ndikapanda kupala?"

"Mkeka uwo."

"Ndiye mukuti nditani?"

"Ine ndine dalaivala, mayi. Za njanji amadziwa ndi anthu a pansi."

Ndaziona anakwiya, zoona, munthu wamwalira koma akadali ndi mayankho ake omwe aja osathandiza kkkk. Anayandikitsa katupa pa gudumu loyamba. Kanangokhudza kamodzi, tswii, kafumbi kachitsulo kanagwa, ndipo nthawi yomweyo nkhope ya adadi inafufuma ngati chithunzi chonyowa ndi mvula. Anasiya msanga. Anabweza katupa kwa ankolo.

"Ayi ankolo. Zikomo."

A Chingwalu sanatsutse. Anaika katupa m'thumba la jekete, kakulira ndi njala, ndipo anayamba kuyenda pambali pawo. Kasitima kakagwa iwo amaima, manja kumbuyo, osakhudza. Kamodzi kokha anawerama n'kuchotsa kamwala patsogolo.

Anafika. Nyumba ya ankolo inali pamwamba pa chitunda, ya penti wachikasu, chitseko chili chotsegula. M'katimo filiji inali itapeza kale ngodya yake, amayi ali pa sofa ndi keke yawo, sitima yoyera ija ikuzungulira tebulo modzionetsa. Njanji imakwera masitepe atatu n'kudutsa pakhomo. Koma pakhomopo timitanda tinali tothithikana ngati mano a chipeso, palibe mpata olo wa chikhadabo.

Adadi anatulutsa mutu pawindo, anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa sindidutsa. Ndipo sipuling'i yatsala ya ulendo umodzi. Ndikagwa apa, ndagwa."

Mkeka unali pansi pa chitunda. Kumbuyo kwake kunalibe Limbe, kunalibe msewu, kunali mbuzi ija basi ikudya udzu.

Ndaziona anayang'ana timitanda, timitanda tinamuyang'ana. Ndiye anaganiza kuti ngati mlomo sungafupike, chimene ukumenyacho ndiye chichoke. Anagwira kamtanda kamodzi n'kukatokola ndi chala chachikulu ngati akupukusa chimanga. Kanathothoka, pwi. Kena, pwi. Anapukusa pakhomo ponse, timitanda tikugwera m'siketi tikunena kuti zikomo tapuma. Anaseka yekha, anaona ngati wapambana.

Koma timitanda tija ndi timene timagwira zitsulo ziwirizo kuti zikhale pamodzi. Titangochoka, zitsulo zinayamba kutayana, china kumanzere china kumanja, ngati anthu oti anakakamizidwa kukhala benchi imodzi. Ndaziona anadumphira chakumanzere n'kuchigwira ndi manja awiri. Chimakoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Chakumanja chija chinapitirira, chikukwawa, chikulowera ku maluwa.

"Adadi, chinacho sindifikira."

"Ndaona."

Anayesa ndi phazi, sanafike. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina, koma a Chingwalu ataima pa masitepe ndi masilipasi awo.  Chiyambire Ndaziona sanawapemphepo kanthu anthu amenewa, olo mchere patebulo.

"Ankolo."

"Ee."

"Mungandigwirireko chitsulo icho?"

Sanafunse n'komwe. Anagwada pa fumbi ndi suti ya ukwati, bondo la thalauza linang'ambika pwee, anagwira chitsulo chija n'kuchikokera pafupi. Ndiye anakhala choncho, wina uku wina uko, mitu itatsala pang'ono kugundana.

"Mwayandikitsa kwambiri," anatero adadi. "Bwezani pang'ono. Zala ziwiri za mwanayu, osati zanu."

A Chingwalu anabweza pang'ono. Kenako anayang'ana m'kachipinda ka dalaivala, ndipo ulendo uno zinaonekeratu kuti akuona.

"Muli bwanji, a Sandalamu."

"Ndili bwino, kaya inu a Chingwalu."

"Tili bwino. Pepani njanjiyi."

"Palibe kanthu. Ingogwirani molimba, ndine wolemera."

Ndaziona anafuna kuseka, anafunanso kulira, koma manja onse anali otanganidwa ndiye sanachite chilichonse. Ndipo apa ndi pamene anazindikira kuti palibe wopotokola kiyi.

Amayi anaika keke pansi. Anatuluka opanda nsapato, anagwada kumbuyo kwa kasitima, anapukuta manja pa chitenje.

"Bambo a Ndaziona, mwadya?"

"Nzimbe, mayi a Ndaziona."

"Nzimbe si chakudya."

Anapotokola. Kamodzi, kawiri, katatu, kachinayi kiyi analira ngati bondo la munthu wamkulu. Anasiya.

Kasitima kananyamuka pang'onopang'ono. Gu, gu, pa timitanda tiwiri totsala. Kenako kanafika popanda timitanda paja, ndipo kanangoti zii. Ndaziona anali asanakamvepo kakuyenda chonchi. Magudumu ake ndi atatu mbali iliyonse, ndipo loyamba linadutsa pafupi ndi zala zake, mlomo wake wautali ukulendewera m'mwamba osamenya kanthu, wozizira, ukununkha girizi ndi sopo wometera.

Pamenepo kumwamba kunamveka mawu aakulu, ochokera kuseri kwa mitambo.

"Ndazi, dzuka. Lole yafika."

Dziko linagwedezeka. Wina amamugwedeza phewa, amamva dzanja lake lenileni, lofunda. Amayi a m'maloto anayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu.

"Ameneyo ndi ine," anatero. "Usamumvere kaye."

Gudumu lachiwiri linadutsa. Sipuling'i imapuma mwa apo ndi apo, kasitima kakukwawa ngati nkhono. Mkeka unafika pa sitepe yoyamba, kwe, yachiwiri, kwe. Nyimbo yometera ndevu ija inabwerera yokha m'mutu mwa Ndaziona, yonse, ndi pamene adadi ankaphonyetsa mawu pomwe.

"Ndazi, iwe, anthu akudikira panja."

Maso ake enieni anayamba kutseguka, kuwala kwa pabalaza lenileni kunalowa ngati mpeni. Chitsulo chinayamba kufewa m'manja mwake. Anawafinya masowo mwamphamvu mpaka anaona nyenyezi.

"Usadzuke," anatero a Chingwalu, thukuta likugwera pa duwa. "Kuno ndagwira ine, koma mbali yakoyo sindingafike."

"Sindidzuka."

Kasitima kanaima. Gudumu lomaliza lili pakati penipeni pa khomo, pakati pa zala zake ndi zala za ankolo. Sipuling'i inati tiki, n'kukhala chete.

Adadi anatsika m'kachipinda kawo, anapinda manja a ovolosi, anazungulira kumbuyo n'kutsamiritsa phewa pa kasitima. Munthu wa ngati chala kukankha chitsulo cholemera chonchija, abale. Ndaziona anawerama, manja akadagwirabe, n'kuika mphumi yake pambali pawo. Anakankha onse awiri.

Gudumu linagudubuzika, linadutsa, linatera pa simenti ya m'nyumba. Kumbuyo kwa zidendene zake mkeka unati kwe komaliza n'kugona pansi ngati galu.

Adadi anakwera, anakhala, anavula chipewa n'kudzipepesa nacho. Nkhope yawo inali yoonekera bwino, ndi kachipsera ka pachibwano komwe.

"Tafika. A Chingwalu, mutha kutaya. Mayi, inu mutha kudzuka."

A Chingwalu anataya. Ndaziona sanataye.

"Tiyi munkamwa wa shuga angati adadi?"

"Atatu. Amayi anu amadziwa awiri."

Ndiye anadzuka akuseka, amayi ake enieni ataima pamutu pake ndi tsache, akumufunsa kuti chikukusekesa n'chiyani mwana iwe, anthu akusenza katundu.